Alamu Anga ndi Makina a Padenga

Alamu anga a Onesimo Khembo ndi munthu wochititsa manyazi kuyenda naye m'tauni. Amuna anzawo amayang'ana kutsogolo, kapena m'mawindo a masitolo, ena akazi a eni. Iwo amayenda nkhope ili m'mwamba, kuyang'ana madenga. Tsiku lina ku Limbe anatsala pang'ono kugwera m'ngalande chifukwa anamva fani ya padenga la sitolo ina ikulira mosayenera. Ndinawakoka malaya. Kuthokoza ayi, koma kundiuza kuti lamba wa faniyo watha ndipo eni ake sakudziwa.

Ine ndine Agnes, mng'ono wake wa malemu Monika amene anali mkazi wawo. Tonse kwathu ndi ku Nsanje, kwa Tengani. Chilamu chimandipatsa ufulu wowanena mmene ndingafunire, ndipo ufulu umenewu sindinausiyepo chiyambire tsiku limene anabwera kudzafunsira achemwali anga atavala nsapato za msuweni wawo. Ndiye zimene ndilembe pano zina n'zowanyoza, zina n'zowayamikira. Akadzawerenga adzasankha okha.

Anabwera ku Blantyre akadali wachinyamata, n'kuyamba ntchito yonyamula bokosi la zida pa kampani ina yokonza mafiriji. Mutu unali wogwira, manja odekha, pakamwa polemera. Kampaniyo itayamba kuika makina oziziritsa mpweya m'mabanki ndi m'masitolo akuluakulu, iwo ndiwo ankatumidwa padenga, poti anzawo ankaopa kutalika ndi kutentha kwa malata. Munthu wa ku Nsanje malata a ku Blantyre angamuopse chiyani? Kampaniyo inadzatseka zaka za m'ma 2000 zikungoyamba, koma makasitomala anatsala ndi nambala ya a Khembo. Kuyambira pamenepo anakhala odzilemba okha ntchito: bokosi la zida, chipewa chotuwa, foni yomangidwa ndi kamphira, ndi minibasi yochoka ku Bangwe m'mawa uliwonse. Nyumba yawo ya ku Bangweko inalibe ngakhale kafani ka patebulo. Mu Okutobala Monika ankayala mkeka pakhonde masana, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, n'kumauza aliyense wodutsa kuti iye anakwatiwa ndi mphepo, koma mphepoyo imaombera kwa eni.

Kwa inu amene simunakwerepo padenga la sitolo yaikulu, kumeneko kumakhala chibokosi chachitsulo, kukula kwake ngati minibasi yopanda mateyala. M'kati mwake muli kompuresa, imene ndiyo mtima wa zonse, ndi mafani okankha mpweya m'mipope ya malata mpaka kukatulukira m'siling'i ya chipinda chapansi. Kukatentha chimapuma mpweya wozizira. Mu Juni, chiperoni chikafika, chimatembenuka n'kumapuma wofunda. Okonza makina amenewa ambiri amakonda za gasi ndi kuwotcherera mapaipi. A Khembo chawo chinali kachitseko ka m'mbali, kamene ukatsegula umapeza mawaya ndi tizipangizo touza makinawo nthawi yoyamba, nthawi yoima ndi nthawi yokana.

Anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito kamene sankasintha. Asanakhudze waya aliyense ankazimitsa siwichi yaikulu, kuzula mafyuzi n'kuwaika m'thumba la ovolosi, kuti wina pansi asayatse iwo ali m'kati. Akatero ankayezabe ndi mita, ngati kuti magetsi angathe kutuluka m'thumbamo n'kubwerera okha. Nyengo iliyonse inali ndi matenda ake. Ya fumbi, makina ankatsamwa ndi majumbo ndi nthenga za nkhunda. Ya mvula, mphezi zinkaotcha timathiransifoma. Makoswe okha analibe nyengo.

Ndikudziwa zimenezi chifukwa cha holo ya maukwati ya a Jameson, cha ku Kameza, kumene ndinkaphika. Ntchitoyo anandipezera ndi alamu omwewa. A Jameson anali atagula makina otere ku Joni, ogwirapo kale ntchito, ndipo anafika mawaya ena atadyedwa, ena atadulidwa mwachisawawa ndi amene anawazula uko. A Khembo anakhala padengapo pafupifupi mwezi, kutsatira waya aliyense kuchokera kumene wayambira mpaka kumene wathera. Atamaliza, makinawo anasanduka mwana wawo wachiwiri, pakuti mwana weniweni anali naye mmodzi yekha, Sophie. Ine ndinganene kuti makinawo ndiwo anali mwana wachisamba, koma zimenezo tifikako.

Tsiku lina masana ndinakwera makwerero kukawapatsa mpunga wotsala pa ukwati wa dzulo lake. Ndinafika ndikutukwana chamumtima. Pamwambapo panali pokongola, kunena zoona: phiri la Ndirande uko, maminibasi akuzungulira pa raundabauti ngati nyerere, ndege ikutsikira ku Chileka. Iwo zonsezo analibe nazo ntchito. M'malo molandira mbale anatsegula kachitseko kaja ngati akundionetsa chipinda cha alendo.

"Alamu, taonani," anatero. "Mawaya akuluakulu atatuwa ndi amphamvu, amadyetsa kompuresa. Ang'onoang'onowa ndi amauthenga, akuchokera ku kabokosi koyeza kutentha ka pakhoma m'holomo. Wofiirayu amatenga moto wochepa ku thiransifoma iyi. Wachikasu akalandira, ndiye kuti pansipo akuti tatenthedwa. Wobiriwira ndi wa fani. Woyera ndi wa mu Juni."

Mawayawo anali atawaluka mwaudongo ngati tsitsi la mwana wopita ku tchalitchi, amphamvu njira yawo, amauthenga njira yawo, osakhudzana. Kenaka anandilozera kabokosi kakuda kokhala ndi kabatani pakati.

"Iyi ndi kontakita. Uthenga ukafika imakoka yokha, phaa, mphamvu n'kulowa mu kompuresa. Koma uthengawo usanafike umadutsa kaye mwa aka." Anagogoda kachipangizo kokhala ndi kanyale kobiriwira. "Ine ndimakatcha kamlonda. Magetsi akathima n'kubweranso, kamauza makina kuti adikire kaye. Akabwera ofooka, kapena mwa atatu aja mmodzi akabwera wopanda moto, kamakaniratu. Poti kompuresa ukaikakamiza kuyenda ndi mawaya awiri imangong'ung'udza, kutentha, mpaka kupsa."

"Ndiye kakakana mumatani?"

"Umakhala pansi n'kudikira. Kamakhala kakudziwa chimene kakukanira."

Apa ndi pamene alamu anga ankasiyana ndi ife tonse. Ife chinthu chikakana timachikakamiza. Fyuzi ikapsa timakulungapo kawaya ka kopa, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Minibasi ikakana timatsika n'kukankha. Wailesi timaimenya mbama. Ndipo aliyense amene anasuzumirapo m'makina a padenga amadziwa kuti ukatenga kamtengo n'kupanikiza kabatani ka kontakita, makina amadzuka ngakhale kamlonda kakukana. A Khembo akapeza kamtengo kotero m'makina a munthu ankachita ngati adwale. Sankakalipa, poti kukalipa sadziwa. Ankangokazula, kukayang'ana, kupukusa mutu, n'kusadya bwino tsiku limenelo. Pa kabokosi ka pakhoma m'holo mwathu anachita kumangirapo kakhola kachitsulo ndi loko, chifukwa mlendo aliyense wotenthedwa ankakapotokola mpaka kumapeto poganiza kuti kuzizira kubwera msanga.

Zonsezi n'zabwino, ndipo makasitomala ankawakonda. Koma ndifunseni ine za kunyumba. Foni ya a Khembo sinkadziwa Lamulungu, sinkadziwa maliro, sinkadziwa chakudya. Monika ankaitcha mkazi mnzake. Kutchalitchi ankakhala benchi la kumapeto, pafupi ndi khomo, osati chifukwa cha kudzichepetsa ayi. Foniyo ikalira ankaimirira, kupukuta m'manja, n'kunena mawu amene Sophie anakula akuwamva: "Ndikubwera pompano." Sankanama dala. Ankakhulupiriradi kuti ndi kafyuzi chabe. Koma padenga palibe pompano. Ukatsegula kachitseko kaja umapeza china, chinacho n'kukulozera china, ukamatsika dzuwa lapendeka.

Tsiku limene Sophie analandira Ukaristia woyamba, bambo anatuluka ulaliki uli m'kati. Pa chithunzi cha tsikulo pali Sophie ndi diresi loyera, Monika, ndi ine nditaima pamene panayenera kuima iwo. Tsiku lolandira mphoto kusukulu, mwana atakhala nambala wani, anafika anthu akubweza mabenchi m'makalasi. Sophie sankadandaula mokweza, pakamwa anatengera bambo ake. Foni ikalira ankangosiya kutafuna n'kuyang'ana m'mbale.

Chachikulu chinachitika mu 2010. Monika anadwala nthawi yaitali, ndipo kumapeto anagonekedwa kuchipatala. Pamenepa sindingawanamizire alamu, mkazi wawo anamusamala. Anakana ntchito zambiri, ankamuchapira, ankamumwetsa phala ndi supuni. Tsiku lina masana, Monika akuoneka ngati wapezako bwino ndipo ali m'tulo, foni inalira. Kunali kumalo ena osungirako mankhwala, kumene makina anaima ndipo mankhwalawo akanaonongeka ndi kutentha. Ine ndinali nditapita ku Bangwe kukatenga zovala. Pambali pa bedi panatsala Sophie yekha, mtsikana wa Fomu 3. Amayi ake anatsirizika dzanja lili m'manja mwake, iye osadziwa woitana kapena chochita. Mayi wina wodikirira wodwala pa bedi loyandikana ndiye anamutseka maso Monika n'kumufunditsa chitenje. Bambo anafika ndi bokosi la zida m'manja, bedi litayalulidwa kale.

Sindinawaonepo alamu anga atasweka ngati tsiku limenelo. Sophie sanawakalipire. Bola akanakalipa. Ankawaphikira, ankawachapira maovolosi, ankayankha "inde adadi", "ayi adadi", basi. Anakhala choncho zaka, anthu awiri m'nyumba imodzi ngati a lendi. Iwo ankayesa m'njira yokhayo imene ankaidziwa. Sophie akukonzekera mayeso a Fomu 4 anamulumikizira babu la batire m'chipinda mwake, loyaka lokha magetsi akathima. Mwana anati zikomo, anawerengera babulo mpaka anakhoza, anapita kukaphunzira zaunamwino, koma nkhani yeniyeni sinakhudzidwe. Ndikawauza kuti, "Alamu, mwanayu mulankhule naye," ankati, "Ndiyambira pati?" Zinkandipsetsa mtima. Munthu wotha kutsatira waya m'chibokosi chamdima, njira ya kuchipinda kwa mwana wake n'kumusokonekera.

Kenaka kunabwera Hawkins, mphunzitsi wa ku Chilomoni, waulemu mpaka kutopetsa, kudzafunsira Sophie. Akwawo ndi a konkuno, a chikamwini, ndiye zokambirana zawo ndi ife olowola zinali ndi tizitunda take, koma zinatha bwino. Ukwati anaukonza mu Okutobala 2017. A Jameson, poyamikira zaka zonse zimene a Khembo anasamala makina awo, anapereka holo ulere. Ine ndinasangalala. Sophie atamva, Lamulungu lotsatira anandipempha kuti ndimuperekeze ku Bangwe ndikakhale mboni. Tinawapeza bambo pakhonde akupukuta zida.

"Adadi," anatero Sophie, "holo ija ine sindimaifuna, poti ndikudziwa chili padenga pake. Koma ndavomera. Ndikupempha chinthu chimodzi basi. Tsiku limenelo foni mupatse anti. Kuyambira kutchalitchi mpaka anthu abalalike, musachoke pamene ndingakuoneni. Kaya magetsi azime, kaya denga ligwe. Mukadzangoimirira n'kunena kuti mukubwera pompano, ine ndi inu zathera pomwepo. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani."

Mawu amenewa anali ambiri kuposa onse amene anawalankhula kwa bambo ake chimwalirire amayi ake. A Khembo anaika sipanala pansi.

"Ndamva, mama. Ndikhala."

"Anti, mwamva?"

"Ndamva ndi makutu onse awiri," ndinatero, "ndipo akadzangoti aimirire ndidzawakhalira pamiyendo."

Sabata ya ukwati anakwera padenga lija kangapo. Anatsuka zonse, analimbitsa waya aliyense, anasintha lamba wa fani amene anali asanathe n'komwe. Anaitana a Rafaeli, bambo amene ankagwira ntchito zonse za pa holopo, kuyambira kutchetcha kapinga mpaka kusintha mababu, n'kuwauza kuti kanyale ka kamlonda kakafiira asakhudze kanthu. A Rafaeli anavomera. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi banja loti alidyetse, ndipo bwana wawo si a Khembo.

Chaka chimenecho mukukumbukira mmene magetsi ankavutira. Loweruka la ukwati kunacha kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe. Kutchalitchi zinayenda bwino. Alamu anga anaperekeza mwana wawo kuguwa atavala suti yotuwa imene inkawakhala ngati yobwereka ngakhale inali yawoyawo, foni ili m'chikwama mwanga, yozimitsa. Masana tinalowa m'holo muli pozizira bwino, moti abale ochokera ku Nsanje anayamba kufunda zitenje n'kumafunsa ngati tawabweretsa kosungira nsomba. Ine tsikulo sindinaphike, ndinali mayi wa mkwatibwi. Ndinakhala pambali pa alamu, kutsogolo, moyang'anana ndi tebulo la akwati.

Perekaniperekani ali m'kati, magetsi anathima. Anthu anangoti "aaa" monga mwa masiku onse, amayi a ku Nsanje n'kuyambitsa nyimbo za utse, gule wa kwathu, ndi m'manja. Pasanapite nthawi anabweranso, zoimbira zinadzuka, anthu anakuwa mokondwa. Koma ndinaona alamu akuyang'ana m'mwamba. Mababu a mbali yathu anayaka, a mbali ya kukhitchini ayi.

"Abwera awiri," anandinong'oneza. "Wachitatu palibe. Kamlonda kakana."

"Ndiye?"

"Ndiye tidikira."

Holo ya a Jameson anaimanga modalira makina: timawindo ting'onoting'ono m'mwamba, denga la malata, ndipo tsikulo inali yodzaza mpaka kukhomo ndi anthu ovina. Kutentha kunabwera ngati wina wakufunditsa bulangete. Mapepala a pulogalamu anasanduka zokupizira. Keke inayamba kupendekera mbali imodzi. Agogo ena a kwa Hawkins anawatulutsa panja atachita chizungulire. A Jameson anafika chowerama, thukuta lili kamukamu, n'kunjuta pambali pa mpando wa alamu.

"A Khembo, sore kwambiri, ndikudziwa ndi tsiku lanu. Tangokwerani mukasuzumire chabe, pulizi. Anthu akutulukatu, ndipo muli mabwana muno ofuna kubuka holoyi Disembala."

"Bwana, palibe chokonza. Feizi imodzi kulibe, waya wachitatu alibe moto. Tsegulani zitseko zonse, tidikire."

"Inuyo simungalephere, a Khembo. Pali kanjira kena shuwa."

"Lero sindikwera, bwana."

A Jameson si munthu woipa. Anali ndi holo yodzaza anthu otenthedwa ndi dzina loti aliteteze, ndipo anachita zimene ambiri a ife tikanachita. Anapita kuseri kukalankhula ndi a Rafaeli.

Patapita kanthawi mababu aja anaphethira. Anachita ngati akufuna kuzima, n'kuwalanso. Kudenga kunamveka kung'ung'udza kwapansipansi, kumene ena onse sanakumve chifukwa cha zoimbira. Ine ndinatchera khutu nditaona nkhope ya alamu. Kunang'ung'udza, kunaleka, mababu n'kuwala. Kenaka kunayambanso.

"Aika kamtengo," anatero, manja atagwira mawondo. "Kompuresa ikatentha ikumadzidula yokha, ikapola pang'ono ikumayesanso. Sichedwa kupsa. Alamu, tapitani mukawauze achotse."

Ndinathamanga ndi nsapato zazitali zija mpaka kuseri. A Rafaeli anali padenga, a Jameson atagwira makwerero. Ndinalankhula Chichewa, ndinalankhula Chisena, ndinafika mpaka pa mawu amene mayi wa mkwatibwi sayenera kulankhula. A Jameson anati makina akulira, ndiye kuti akuyesetsa, mwina agwira. Anati kamtengoko achotsa pokhapokha a Khembo abwere okha adzaone chochita. Ndinakuwira a Rafaeli. Anasuzumira, kuyang'ana ine, kuyang'ana bwana wawo, n'kubwerera. Kukwera ndekha ndinaganizako, koma ndi chilundu chothina chija ndikanangoonjezera maliro pa ukwati, ndiponso a Jameson pa makwereropo sanasunthe.

Ndinabwerera n'kuwauza alamu. Ndinkadziwa zimene zinkayenda m'mutu mwawo, chifukwa zinkayendanso mwanga. Kuchoka pampandopo kukafika padenga si patali, ndipo kuzula kamtengo n'kamodzin'kamodzi. Ulendo uno kukanakhaladi kubwera pompano. Makina amene anawadzutsa ndi manja awo, n'kuwalera zaka zoposa khumi, ankafa pamwamba pa mutu wawo iwo akumva. Ndinawamvera chisoni kwambiri, moti za kuwakhalira pamiyendo zija ndinaiwala.

Nthawi yomweyo wotsogolera mwambo anakuwa pa maikolofoni: "Tsopano tiitane bambo a mkwatibwi, a Khembo, adzavine ndi mwana wawo, ife tiwaperekeze!"

Anaimirira n'kumanga batani la jekete. Pakhomo la m'mbali, lotulukira kuseri, panaima a Jameson akukodola ndi manja onse awiri. Sophie anatsika ku tebulo la akwati atanyamula diresi lake m'mwamba pang'ono. Nayenso mababu anali atawaona, ndipo mwana wa a Khembo sangalephere kudziwa tanthauzo lake. Anayang'ana a Jameson, anayang'ana bambo ake. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Adadi, ikupsa eti?"

"Ikupsa."

"Pitani. Ndakumasulani, pitani. Ndidikira."

Alamu anga anayang'ana kukhomo kuja kamodzi. Kenaka anamugwira mwana wawo dzanja n'kupita naye pakati pa bwalo.

Kuvina sadziwa, ndisakunamizeni. Ankaponda ngati akuyesa ngati malata ali olimba. Koma anavina. Abale a ku Nsanje anawazungulira ndi nthungululu, a ku Chilomoni nawo analowerera, thukuta likuyenderera m'makolala. Mababu anaphethira, anaphethiranso. Kenaka anafooka kwa nthawi yotalikirapo, kudenga kunamveka kuti phu, ndipo anawala bwinobwino osaphethiranso. Kafungo ka waya wopsa kanalowera m'timawindo tija. Ndinaona alamu atatsinzina, mapazi akupondabe. Zimene zinkatsika m'masaya mwawo silinali thukuta lokha. Nyimbo itatha anabwerera pampando wawo, ndipo sanachokepo mpaka mlendo womaliza atatuluka ndi kakeke kake ka m'pepala. Waya wachitatu uja analandira moto madzulo, tikupakira mphatso m'galimoto.

Lolemba anakwera kukaona. Kompuresa inali itapsiratu, ndipo mawaya ena aja analuka anali atasungunuka n'kumatirirana. Ina inayenera kuchokera ku Joni. A Jameson sanakalipe, koma anati munthu amene anakhala pansi makina akupsa sangamudalirenso, ndipo ntchito ya pa holoyo anaipereka ku kampani ina. Nkhani inayenda m'tauni mmene nkhani zimayendera, ikusintha m'njira, ndipo eni masitolo ena nawonso anasiya kuimba. Ine ndinakwiya mpaka ndinasiya kuphika kumeneko. Alamu sanakwiye, chimene chinandikwiyitsanso. Anati a Jameson akunena zoona, iwo anakhaladi pansi. Madenga akukwerabe mpaka pano, ocheperako, ndipo mawondo ayamba kuwavuta.

Sophie anamva zonsezi patapita milungu, atakhazikika kunyumba kwake ku Machinjiri. Anamva kwa ine, poti pakamwa panga sipasunga kanthu. Tinakwera minibasi limodzi mpaka ku Bangwe. Tinawapeza bambo ake atangofika kumene, atakhala pakhonde, ndipo iye sanadikire ndi moni womwe.

"Adadi, mwaluza holo chifukwa cha ine? Inetu ndinakuuzani kuti pitani. Anti ndi mboni, ndinakumasulani. Bwanji simunapite?"

A Khembo anadzigwira m'mbali.

"Unanenadi, mama, ndinamva. Koma pamene unkanenapo, dzanja lako linali litagwira jekete langa apa, m'mbalimu. Unagwira zolimba, mpaka msoko unang'ambika."

Sophie anayang'ana dzanja lake ngati ndi la munthu wina.

"Sindinadziwe," anatero.

"Ndinaona kuti sukudziwa. N'chifukwa chake ndinamvera dzanjalo."

Anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mapazi a bambo ake, natsamira mutu pa bondo lawo n'kuyamba kulira mokweza, osasamala za anthu odutsa mumsewu. Iwo anaika dzanja pamutu pake, mosazolowera. Ine ndinalowa m'nyumba kukatereka madzi a tiyi, ndipo ndinachedwa nawo dala.